Ati Amayi Anga Avale Thalauza Kuti Gemu Iwaone

Shopu ina ya zamagetsi ku Area 2 yawavula ulemu amayi anga pamaso pa anthu, ndipo ine sindikhala chete. Dzina lake sinditchula, mphamvu zokakokanakokana kukhoti ndilibe. Mashopu otere ku tauni alipo angapo: TV yaikulu pawindo, nyimbo zogonthetsa m'khutu, khamu la anthu pakhonde likuonerera munthu akuvina ndi makina. Eni ake akawerenga adzizindikira okha.

Kwa inu amene simunazione zinthuzi, ndifotokoze. Ndi kabokosi ka magemu kolumikiza ku TV, ndipo pamwamba pa TV amakhazikapo kamera. Palibe chogwira m'manja. Ukaima kutsogolo kwake kameraya imakuona, pa sikirini n'kutuluka kamunthu kochita chilichonse chimene iwe ukuchita. Ukakweza mkono, nako kakweza. Ukagwedeza chiuno, nako kagwedeza. Chaka chino zinthuzi zavuta mu Lilongwe muno. Ku ofesi kwathu ku City Centre aliyense amene ali ndi ana akuti wagula kapena akusungira ndalama yake. Phwando la mwana m'mipandamu likapanda gemu imeneyi ati si phwando.

Ine sindinagulire mwana. Ndinagulira amayi anga, aNabanda.

Amayi anadwala sitiroko mu Malichi. Anagwera kudimba kwathu ku Mitundu, ndipo mbali yonse ya kumanja inafooka. Pakamwa panabwerera, akuyankhula bwinobwino, mwinanso mopitirira. Mwendo amaukoka koma amayenda pogwiritsa ntchito chitsulo choyendera chija cha miyendo inayi. Chimene chinatsalira ndi mkono. Ndinawatenga kudzakhala nawo ku Area 47 kuti tiziyandikira chipatala. Musamve 47 n'kumaganiza za mpanda wamagetsi ndi agalu awiri ayi, ndimachita lendi kanyumba kakuseri.

Mayi amene amawapangitsa mafizo kuchipatala anatiuza mosabisa. Anati miyezi yoyambirirayi ndiyo yofunika. Mkono ukamagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku pali chiyembekezo. Mukaulekerera, zala zimapindika n'kuuma, ndipo zikafika pouma kuziwongola kwake ndi kovuta zedi. Anatipatsa zochita kunyumba: kutola nyemba n'kumaponya m'kapu, kufinya kampira, kupukuta tebulo ndi kansalu.

Amayi ankadana nazo zimenezi. "Ndine wa ku sukulu ya mkaka ine, woti ndizisewera ndi nyemba?" Ankatero tsiku lililonse. Koma mvetsetsani bwino apa: ankadandaula uku akuchita. Nyemba zinkalowa m'kapu, pang'onopang'ono, chala chachikulu chinali chitayamba kumva. Mayi wa mafizo uja ndiye anangotchula modutsa kuti odwala ena amalimbikira akapeza chowasangalatsa, ndipo kwina amagwiritsa ntchito magemu a kamerawa. Sanandiuze kuti ndikagule ayi. Koma amayi anga ndi munthu amene kumudzi chimtali sichinkayamba iwo asanafike. Ndinaganiza kuti akamva nyimbo, mkono uja auiwala kuti unafooka.

Loweruka lina cha m'ma 11 koloko ndinalowa mu shopu ija. Anandilandira bambo wina wa tayi yofiira, ameneyo ndiye amavina pawindo paja kuitanira malonda. Ndizingowatcha a Tayi. Sindinabise kanthu. Ndinati ndikugulira munthu wamkulu, wodwala sitiroko, mkono umodzi sukwera, amaima ndi chitsulo. Ndinafunsa kuti, kodi chimenechi chiwathandiza?

"Madamu, ichi chimaona aliyense," a Tayi anatero. "Ana, agogo, olumala, ngakhale wokhala pampando. Chili ndi nzeru kuposa ine ndi inu."

Ndinabwerezanso, pang'onopang'ono ngati ndikuyankhula ndi mlendo. Mkono umodzi. Sukwera. Mwamva?

"Ndamva, madamu. Mudzabwera kudzandithokoza. Koma mutenge lero, zatsala ziwiri zokha. Anthu akulimbirana ngati shuga wasowa."

Ndinalipira. Mtengo wake sindinena, mungandiseke. Ingodziwani kuti inali ndalama ya chipereganyu imene ndinaidikira chaka chathunthu.

Kufika kunyumba, ndalumikiza zonse, makina aja akulemba pa sikirini kuti bwererani m'mbuyo. Ndabwerera. Bwereraninso. Abale, kumbuyoko kuli khoma! Tinatulutsa sofa ndi tebulo n'kukaika pansi pa mtengo wa mango, eni nyumba akutiyang'ana pawindo ngati tikusamuka mozemba lendi. Nditaimanso, kamunthu kaja kanatuluka. Ndinavina ine, munthu wamkulu wokhala ndi mwana wa ku sekondale. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Chidwalireni ndinali ndisanawamve akuseka chonchija.

"Tasuntha iwe, ukuononga nyimbo," anatero. "Undipatse malo."

Anadzikoka ndi chitsulo chawo mpaka pakati pa balaza. Anaima. Anakonza chitenje. Anayang'ana kamera ija ngati mmene amayang'anira woimba ng'oma.

Palibe chinatuluka.

Tinadikira. Kenako kamunthu kaja kanabwera, koma kali kopotoka, miyendo yopiringizana, kakuphethira n'kumamira pansi. Katuluka, kasowa. Katulukanso mutu uli m'mimba. Amayi anayang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Ndiye ineyo ameneyo?" Ndinati ayi amayi, ndi waya chabe, tikonza.

Foni ya pa lisiti imangoitana. Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro ndinakwera minibasi kuchokera ku City Centre mpaka ku tauni, ndisanadye kanthu. Ndinapeza a Tayi akusewera nkhonya ndi mphepo, anthu akuwomba m'manja. Ndinaima mphindi makumi anayi. Atamaliza, akupukuta thukuta, anandiyang'ana ngati sanandionepo.

Ati m'nyumba mwanu muyenera kuti muli mdima. Ati mugule mababu owala, mutsegule makatani onse. Ati mababuwo tili nawo pompano.

Ndinagula. Ndinatsegula makatani mpaka kuwachotseratu. M'nyumba munawala ngati m'chipinda cha opareshoni. Amayi aima, kamunthu kaja n'kumangomira pansi monga kale.

Ndinabwereranso Lachinayi. Ulendo uno a Tayi anakanda m'mutu n'kufunsa kuti, "Kodi amayiwo akamasewera amavala chiyani?"

"Chitenje. Nanga avale chiyani?"

Anaseka, anthu inu. Anaseka mpaka kugwira kauntala, n'kuitana mnzawo wa kumafoni. "Tamva izi, akusewera ndi chitenje!" Kenako n'kundifotokozera ngati mwana kuti makinawa amafuna aone miyendo iwiri yosiyana. Ati munthu akavala chitenje iwo amangoona mgolo. Ati yankho lake n'losavuta, avale thalauza.

Ndinati bambo inu, amayi anga ali ndi zaka 67, ndi mayi wa mu mpingo, thalauza sanavalepo chibadwire.

"Ndiye limenelo si vuto la makina, madamu. Ndi nkhani ya chikhalidwe."

Zoona? Mukugulitsa katundu ku Malawi, pakati pa tauni ya Lilongwe, pakhomo panu pakudutsa azimayi a zitenje kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye simunaganize zonena kuti chinthuchi chitenje sichichidziwa? Tsiku ndinkagula lija pakamwa panali potupa? Yankho lawo linali lakuti makasitomala awo ambiri ndi a m'ma Area, amavala majinzi, ndipo palibe anadandaulapo.

Ndinatuluka osatsanzika. Koma ndalama inali italowa kale, ndipo amayi anali atayamba kufunsa okha kuti gule uja tiyamba liti. Munthu amene ankadana ndi mafizo anali akufunsa yekha. Mukanakhala inu mukanatani?

Kuwauza za thalauza inali nkhondo. "Iwe mwana, wapenga? Ukufuna alamu anga kumudzi amve kuti aNabanda afika m'tauni ayamba kuvala buluku? Maliro a abambo ako ndinakhala mwaulemu, lero ndidzayaluke chifukwa cha kanema?" Ndinawanyengerera madzulo angapo. Ndinalira ndithu. Ndinati amayi, ndi mankhwala amenewa, jakisoni paja mumavulanso pobayitsa. Pomaliza ndinatenga chitenje chawo chimodzi n'kupita nacho kwa telala wina wachikulire wa kofia amene amasokera pakhonde ku Area 2 komweko. Ndinamupempha asoke thalauza lotakasuka kwambiri, loti munthu akaima miyendo pamodzi lizioneka ngati siketi. Bambo uja sanafunse zambiri. Anangoti, "Mulungu awapatse mphamvu mayi athuwo," n'kulisoka tsiku lomwelo.

Amayi anavomera, koma anaika lamulo lawo: chitseko chikhomedwe, makatani onse abwerere ndipo atsekedwe. A Tayi akuti tsegulani makatani, amayi akuti tseka makatani, ine ndili pakati ndi mababu anga. Tinadikira tsiku loti magetsi alipo.

Ndinawaveka ndekha. Sanandiyang'ane kumaso. Ataima kutsogolo kwa TV, miyendo inatuluka pa sikirini, iwiri, yowongoka. Ndinakuwa ndi chimwemwe. Koma chitsulo choyendera chija chinayamba kusokoneza, kamunthu kakupinda mawondo pomwe amayi aima chilili. Tinachotsa chitsulo, ine n'kuwagwira m'chiuno chakumbuyo kuti asagwe. Mukudziwa chimene makina anachita? Anasankha ine. Kamunthu kaja kanatenga mikono yanga. Ndikasuntha chigongono, nako kasuntha. Amayi ali kutsogolo kwanga, thupi lonse, koma makina akuona wogwira, osati wogwiridwa.

Ndinagwada pansi n'kuwagwira m'mawondo, mutu ndabisa kumbuyo kwawo. Apo ndiye anawaona. Nyimbo inayamba kulira chapansipansi. Kenako pa sikirini panabwera chithunzi ndi mawu akuti kwezani manja onse awiri m'mwamba kuti tiyambe.

Onse awiri.

Amayi anakweza lamanzere. Lamanja linangogwedezeka pantchafu. Anayesanso, akuluma mlomo, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Linakwera pang'ono n'kugwa. Ndinadzuka n'kuwakwezera ndi dzanja langa, makina n'kuwataya pompo. Tinayesa gemu ina ya m'bokosi momwemo, chimodzimodzi. Chitseko cholowera m'magemu onsewo n'chimodzi: manja awiri m'mwamba. Chinthu chokhacho chimene ndinawauza a Tayi kawiri konse kuti amayi anga sangathe.

M'mawa mwake ndinapakira zonse m'katoni n'kupempha chilolezo kuntchito. Ndinati a Tayi, katundu wanu uyu, mundibwezere ndalama zanga ndikalipire munthu wa mafizo woti azibwera kunyumba.

Ati sizingatheke. Ati mwina simudziwa kuyatsa. Analowa mkati kukaonana ndi a manijala, amene mpaka tsiku limenelo ndinali ndisanawaone nkhope, n'kubwera ndi uthenga. Ati abwana akuti ndalama imabwezedwa pokhapokha titaona ndi maso athu kuti makina akukana. Ati mubwere nawo amayiwo, atavala thalauza lomwelo, tidzayesere konkuno.

Ndinati amayi anga sangaime pawindo apa.

"Ayi madamu, pawindo bwanji? Tili ndi chipinda mkatimu chimene timayeseramo katundu. Mudzakhala inu, amayi ndi ine basi."

Ndinafunsa kachiwiri. Analumbira mpaka kuloza kumwamba.

Mawu amenewo ndi amene ndinakawauza amayi. Ndinati palibe adzakuoneni, mudzafunda chitenje pamwamba mpaka titalowa m'chipindamo. Iwo anati, "Ndalama zako zisapite pachabe chifukwa cha ine. Tiye."

Loweruka lapitali tinachita hayala takisi. Amene mumaidziwa tauni Loweruka m'mawa mukudziwa mmene pamakhalira pa mlatho wa Lilongwe. Woyendetsa analephera kupeza poima pafupi, anatitsitsa kuseri kwa mzere wa mashopu. Amayi anayenda ndi chitsulo chawo m'njira yokumbikakumbika ija, mavenda akuwapatukira, a kabaza akuimba mabelu kumbuyo. Pakhomo pa shopu pali masitepe, polowera njinga ya odwala palibe. Abambo awiri odutsa ndi amene anawanyamula m'khwapa n'kuwakweza. Analowa ali wefuwefu, koma analowa.

A Tayi anatilandira ndi chimwemwe chonse. Ndinati tiyeni kuchipinda kuja. Anatsegula chitseko n'kundionetsa: makatoni kuyambira pansi mpaka kudenga. Ati katundu watsopano wafika dzulo, anthu anaitanitsa kale, tinasowa poika.

"Tingoyesera pompano, madamu. Mphindi ziwiri basi, tathana."

Pompano pake ndi pawindo paja. Pakhonde anthu ali thithithi.

Ndinati ayi, tikubwerera. Ndinawagwira amayi pamkono kuti tizipita. Iwo anayang'ana masitepe aja, anayang'ana ine, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndibwerenso kachiwiri kuno? Tafika kale. Tithane nazo." Anadzikoka okha mpaka pa kapeti yoviniraponso a Tayi. Ndi dzanja lamanzere anamasula chitenje n'kundipatsa.

Phokoso limene linabuka panja sindidzaliiwala. "Eee, agogo atchena!" "Agogo a buluku!" Mluzu, kuseka, mafoni m'mwamba. Ndinayesa kuima pakati pa iwo ndi windo, a Tayi n'kundikankhira pambali, ati mukutchinga kamera.

Kenako anatenga maiki. Inde, maiki ija amaitanira malonda. Mawu anamveka msewu wonse.

"Taonani anthu inu! Ngakhale agogo akusewera! Gemu ya banja lonse! Tiyeni agogo, manja m'mwamba! Onse awiri!"

Anthu panja anayamba kuthandizira. "M'mwamba! M'mwamba! M'mwamba!" Ambiri mwa iwo sankadziwa kuti akuimbira munthu wodwala, ankangoona sewero laulere. Koma a Tayi ankadziwa. Ndinawauza ine, ndi pakamwa panga, maulendo onse aja.

Amayi anayesa. Mayo ine, anayesa, atatsamira chitsulo chawo. Lamanzere lili m'mwamba, lamanja likunjenjemera, likukwera pang'onopang'ono mpaka m'chiuno. Kunyumba linali lisanafikepo pamenepo. Linaima kanthawi, n'kugwa ngati nsanza yonyowa. Wina panja anakuwa kuti, "Agogo batire yatha!" Khonde lonse linafa ndi phwete.

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Ndikudziwa kuti ndinalanda maiki ija n'kuiponya pansi. Ndinawakulunga amayi chitenje. Iwo sanalire. Anangoyang'ana pansi.

A Tayi anatola maiki yawo, anaipukuta, n'kuima pa kapeti paja. Anakweza manja awiri. Kamunthu kanatuluka nthawi yomweyo, nyimbo n'kuyamba.

"Mwaona, madamu? Makina ali bwinobwino. Vuto ndi thupi la amayiwa."

Phokoso lija ndi limene linawatulutsa a manijala mu ofesi. Bambo wofatsa, woyankhula mwaulemu, ulemu wake wokupweteka kuposa kutukwana. Ati pepani mayi, koma mwaona nokha kuti katundu alibe vuto, ndipo katundu wopanda vuto sitibweza. Ndinati wantchito wanu anandinamiza, anati chimaona ngakhale olumala. Ati zimenezo zinalembedwa pa lisiti? Ndinati anandilonjeza chipinda. Ati chipinda chilipo, kungoti chadzaza. Ati tagulitsa zambirimbiri chaka chino, wodandaula ndinu nokha. Pomaliza ati ngati mukufuna tikhoza kukugulani ngati katundu wogwiritsidwa kale ntchito, pa theka la mtengo, chifukwa alipo anthu akudikira.

Akuyankhula choncho, kumbali kwanga bambo wina wa makiyi a galimoto m'manja anali akulipira yake. Ati ana ake aiona pa sewero lomweli ndipo aikonda. Ndiye kuti amayi anga anawagulitsira katundu tsiku limenelo, mwaulere.

Katoni yanga ndinabwerera nayo. Ili pansi pa bedi. Anzanga akuti kadandaule ku maofesi oona za ogula, ena akuti pita ku wailesi. Mwina ndipita, kaya. Koma ngakhale atandibwezera ndalama yonse mawa m'mawa, indigulira chiyani tsopano? Tamverani zimene zachitika chichokereni kumeneko.

Tinabwerera pa takisi. Kufika kunyumba amayi anangoti, "Ndivule." Ndinawavula. Anati thalauzalo lisagone m'nyumba muno, ndinakaliponya kudzala.

Lolemba madzulo foni yanga inaitana. Anali azakhali, achemwali a malemu bambo anga, akuimba kuchokera kumudzi. Ati kodi n'zoona zimene tikuona pa foni ya mwana wa kwa oyandikana nafe? Ati aNabanda akuvina m'sitolo atavala buluku, anthu akuwaseka? Ati mwawatengera kutauni kukawachiritsa kapena kukawaonetsa? Kanema uja anayenda m'magulu a pafoni mpaka kukafika ku Mitundu. Wina anaikamo ndi nyimbo yoseketsa. Ndinathamangira panja kuti amayi asamve, koma nyumba yathu ndi yaing'ono ndipo azakhali sayankhula monong'ona.

Nditalowa ndinawapeza atatembenukira kukhoma.

Kuyambira tsiku limenelo kapu ya nyemba sanaikhudze. Kampira ndikawaika m'dzanja amangokasiya kagubuduke. Lachitatu linali tsiku lathu la kuchipatala, takisi inafika pageti, iwo anakana kudzuka. Sanakalipe, sanatukwane, ndipo chimenecho ndi chimene chikundiopsa, chifukwa amayi anga akakhala bwino amakalipa. Anangoti, "Mkono umenewu wandichititsa manyazi okwanira. Usiye ugone." Ndinagwada, ndinapepesa, ndinaitana abusa, anabwera n'kupemphera nawo. Anawalandira mwaulemu, anati ameni, atachoka anatembenukiranso kukhoma.

Ndinapita ndekha kwa mayi wa mafizo uja kukamufotokozera. Anagwira pakamwa. Anati yesetsani ndithu abwere, nthawi yake ndi inoyi, ikadutsa tidzangokhala tikupepesana. Ndiwanyamule bwanji munthu wamkulu amene wanena kuti ayi?

Tsono a manijala, ndi inu a Tayi, ndikudziwa kuti simundiyankha. Mzere pakhomo panu ndi wautali, munthu mmodzi wolira sakusowetsani tulo. Koma ndifunsabe. Pamene ndinati mkono umodzi sukwera, munamva chiyani? Munkadziwa kuti gemu siyamba popanda manja awiri, inu amene mumaiyatsa tsiku lililonse. Chinavuta n'chiyani kungonena kuti mayi, ichi sichikuthandizani? Mukanaluza chiyani, poti mwanena nokha kuti anthu akulimbirana? Ikanagulidwa ndi wina dzuwa lisanalowe. Nanga maiki ija munaitengeranji? Kwanu kulibe amayi?

Inu amene munali pakhonde paja n'kujambula, sindikutukwanani, mwina simunadziwe. Tsopano mwadziwa. Ngati kanemayo ali mu foni mwanu, chonde fufutani. Akakufikirani m'gulu, musamutumize kwina. Ameneyo si agogo a buluku. Ndi aNabanda, analera ana asanu ndi khasu, ndipo tsiku limenelo ankayesa kukweza dzanja lawo kuti mwana wawo asaluze ndalama.

Ndipo inu amene muli ndi wodwala kunyumba n'kumaganiza zogula chinthuchi, musamvere za munthu wovina pawindo. Funsani kuti gemuyo imayamba bwanji. Funsani ngati imamuona munthu wa chitenje, wa ndodo, wogwiriziridwa ndi mnzake. Akakuyankhani mokoma, auzeni alembe. Ndipo zivute zitani, wodwala wanu musapite naye kumeneko.

Ine ndatopa, abale. Sindikudziwa kuti ndiyambira pati. M'mawa uno ndisanapite kuntchito ndimawasambitsa amayi monga mwa masiku onse. Ndinatenga dzanja lawo lamanja kuti ndipake sopo m'chikhatho. Masabata apitawa ndikatero zala zinkatambasuka zokha, pang'onopang'ono, iwo n'kumandinena kuti ndikuwagirigisha. Lero ndinapeza zitafumbata. Ndinayesa kuziwongola chimodzichimodzi, ndi madzi ofunda, ndikuwapempha kuti andithandize. Anayang'ana kumbali. Sopo sanalowe.